Pulawo ya pa ATV ikamavuta pochotsa sinowo pakhomo: pomwe pamagona vuto ndi mmene mungalithetsere

Ambiri mwa ife amene tinakhazikika ku Canada kapena kumpoto kwa United States timayamba ndi fosholo. M'tauni fosholoyo imakwana, chifukwa kuchokera pagalaja kufika pamsewu ndi mapazi ochepa chabe. Koma mukapeza nyumba kunja kwa tauni, kumadera ozungulira Barrie ndi Owen Sound ku Ontario, kapena kumafamu a ku Alberta, Manitoba ndi Minnesota, msewu wolowera pakhomo panu umatha kutalika mamita 80 ngakhale 200, ndipo a khonsolo saukhudza n'komwe. Umenewo ndi wanu. Sinowo akagwa usiku wonse, m'mawa simupita kuntchito, ana safika pokwerera basi ya sukulu, ndipo wina akadwala mwadzidzidzi ambulansi imathera kumsewu. N'chifukwa chake anthu akumeneko amamangirira pulawo kutsogolo kwa ATV, njinga yamoto ya matayala anayi ija, n'kumakankha nayo sinowo.

Chida chimenechi chimagwira ntchito, ndipo ine ndimachikonda. Koma chaka ndi chaka madandaulo ake ndi omwewo: matayala akungozungulira pamodzimodzi, pakumveka fungo la labala wopsa, chingwe cha winchi (kamakina kokweza ndi kutsitsa pulawo) chaduka, batire lafa ntchito ili pakati, kapinga wadzaza timiyala, ndipo pofika February kokankhira sinowo kwatha. Mukawaona limodzilimodzi mavutowa mungati makinawo ndi osalimba. Ambiri mwa iwo amachokera pa chinthu chimodzi, kuisenzetsa ATV ntchito ya thirakitala. ATV yapakatikati, pamodzi ndi munthu woyendetsa, imalemera makilogalamu 400 kapena kupitirira pang'ono. Singalimbane ndi mulu waukulu. Imapambana mukamaitulutsa kawirikawiri, sinowo asanaunjikane.

Matayala akungozungulira, pulawo siikusuntha

Musanatsegule makina, yambani mwamugwira sinowoyo m'manja. Amene amagwa kukuzizira kwambiri, pa madigiri -15 a Celsius kapena kutsika apo, amakhala wouma ndi wopepuka, woti mukamufinya amangomwazika. Amene amagwa pafupi ndi 0 amakhala wonyowa ndi womata, ndipo mulu wofanana umatha kulemera katatu kapena kuposa. Ndiye munthu amene dzana anakankha masentimita 25 a wouma mosavuta, lero akulephera masentimita 15 a wonyowa, n'kuyamba kuikayikira injini. Injini ilibe mlandu pamenepo.

Mankhwala oyamba ndi nthawi yotulukira. Sinowo akafika masentimita 10 mpaka 15, tulukani ngakhale akugwabe. Ndikudziwa kuti n'zowawa, makamaka mwangobwera kumene kuchokera kushifiti ya usiku ndipo thupi likufuna bulangeti. Komabe kutuluka kawiri kwa mphindi zochepa sikutopetsa ngati kulimbana ndi sinowo wofika m'mawondo kwa maola awiri, ndipo makina sapweteka. Chinanso, musayendetse galimoto pamwamba pa sinowo amene simunachotse. Matayala a galimoto amamutsendera n'kusiya mizere iwiri yolimba imene usiku imasanduka ayezi, ndipo khasu la pulawo ya ATV, popeza limangodalira kulemera kwake komwe kuti likhale pansi, limangodutsa pamwamba pake.

Ngati mwapeza waunjikana kale, musamutenge yense kamodzi. Kwezani khasu kuti lichotse kaye wapamwamba, kenako mubwerere kudzatenga wapansi. Yambani ndi mzere umodzi pakati pa msewu, kenako pendeketsani khasu n'kumadya theka la mulifupi mwake ulendo uliwonse, mukukankhira kunja, mbali ino kenako mbali inayo. Khasu lopendekeka limamutaya sinowo kumbali mukuyenda, pamene loongoka limamusonkhanitsa kutsogolo mpaka ATV itaima.

Tsopano makina. Onetsetsani kuti 4x4 yalowadi, chifukwa nthawi zina switchi imaoneka kuti yayaka koma matayala akutsogolo sakukoka, ndipo ngati ATV yanu ili ndi loko ya difu yakutsogolo, yokakamiza matayala onse awiri akutsogolo kuzungulira limodzi, ino ndiyo ntchito yake. Pulawo ndi zitsulo zake zimalemetsa kutsogolo n'kupepuza kumbuyo, choncho ikani matumba a mchenga pa keliyala yakumbuyo, muwamange mwamphamvu, osapitirira kulemera kumene kunalembedwa pa keliyalayo. Mchenga womwewo udzakuthandizani mukatitimira: mumang'amba thumba limodzi n'kuthira pansi pa matayala.

Matcheni ndiwo amasintha zinthu kwambiri, makamaka ngati msewu wanu uli ndi mtunda. Yambani ndi matayala akumbuyo. Kuti agwire bwino, phwetsani tayala pang'ono, valikani tcheni n'kuchikoka mpaka chithine, kenako popani. Mukafuna kuika akutsogolonso, pindani chiwongolero mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto n'kuona ngati tcheni sichikukhudza paipi ya buleki, chifukwa chikaikola chimaidula. Dziwaninso kuti matcheni okhala ndi timano amakanda tala ndi konkire, ndipo zipserazo mudzaziona sinowo akasungunuka. Za mpweya wa m'matayala, ATV zambiri zimafuna wochepa kwambiri, cha m'ma 5 mpaka 7 psi. Geji ya galimoto siwerenga bwino mpweya wochepa chotero, gulani yake ya ATV. Kukazizira mpweya umatsika, ndipo tayala limodzi likaphwa kuposa linzake khasu limapendamira mbali imodzi n'kumasiya mzere wa sinowo m'mbuyo.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndikukupemphani kuti muchileke: kubwerera m'mbuyo, kuthamanga, n'kukaguguda mulu. Chimapinda zitsulo zogwira pulawo, chimatha kupinda felemu ya ATV yomwe, ndipo khasu likagunda chitsa kapena mwala wobisika, woyendetsa amauluka n'kukagunda pachifuwa pa chiwongolero. Timabuku ta opanga mapulawo ambiri timanena kuti musapitirire makilomita 8 pa ola. Valani chipewa cholimba ngakhale muli pakhomo panu, ndipo musanyamule mwana pamakina pamene mukugwira ntchitoyi, ngakhale alire chotani.

Pomaliza pa nkhaniyi, ATV ili ndi malire ake. Kumadera amene mphepo imadutsa pa nyanja zikuluzikulu ngati Huron ndi Erie n'kudzakhuthula sinowo kumtunda, amatha kugwa wochuluka modabwitsa. Mu November 2014 madera ena a kufupi ndi Buffalo analandira woposa mita imodzi ndi theka m'masiku ochepa. Zikafika pamenepo palibe tcheni kapena thumba la mchenga limene lingakuthandizeni. Itanani wa thirakitala kapena makina oulutsa sinowo, ndipo ndi bwino kukhala ndi nambala yake nyengo isanayambe.

Fungo la labala wopsa

Mukamva fungo limeneli, kapena injini ikulira kwambiri koma ATV ikungonjenjemera osayenda, imani pomwepo. Ndi lamba. ATV zambiri, monga Polaris Sportsman ndi Can-Am Outlander, zimayenda ndi lamba wa labala amene amathamanga pakati pa mapule awiri. Mukamakankha katundu wolemera pang'onopang'ono muli mu giya ya High, lambayo amaterereka pa pule, amatentha, n'kupsa malo amodzi. Akapsa choncho sachira. ATV imayamba kudumphadumpha ponyamuka, ndipo tsiku lina lambayo amaduka muli kumapeto kwa msewu, kutali ndi galaja.

Kankhani sinowo mu Low nthawi zonse, ngakhale akuoneka wochepa. Posintha kuchoka kutsogolo kupita ku rivesi, imani kaye kotheratu ndipo injini itsike, chifukwa ntchito imeneyi imafuna kusintha magiya kambirimbiri ndipo kuchita mothamanga kumawononga giyabokosi. Khasu likakanirira pamulu, musapitirize kupanikiza mafuta matayala ali chiimire. Bwererani m'mbuyo n'kutenga pang'ono. M'mawa kozizira, yendani kaye pang'ono khasu lili m'mwamba kuti lamba afewe. Nthawi zina lamba amaterereka chifukwa sinowo walowa m'bokosi lake n'kusungunuka, ndipo ATV zambiri zili ndi kotsekera pansi pa bokosilo kotulutsira madzi. Sungani lamba wina wapadera m'galaja. Amene muli ndi Honda Rancher kapena Foreman nkhani ya lamba siikukukhudzani, popeza zimenezo zimayendera magiya, koma langizo losankha giya yotsika ndi lanunso.

Winchi: chingwe choduka ndi batire lakufa

Apa ndi pamene pamathera ndalama za anthu ambiri, choncho ndichedwapo.

Winchi anaipangira kukoka ATV ikatitimira m'matope, ntchito imene imachitika mwa apo ndi apo, chingwe chili chotambasuka. Pa pulawo, winchi imakweza ndi kutsitsa khasu kambirimbiri pa ola limodzi, ndipo nthawi zonse kachigawo kamodzimodzi ka chingwe, kosakwana mita imodzi, ndiko kamapindika mwamphamvu pa kagudumu kapansi ka potulukira chingwe, pamene amati fairlead. Chingwe chawaya sichipirira kupindidwa malo amodzi chotero. Gwadani muyang'ane pafupi: mudzaona timawaya tothothoka tikuima ngati ubweya, ndipo chingwecho chaphwatalala pamenepo. Mukaona zimenezo dziwani kuti chatsala pang'ono kuduka. Musachigwire ndi manja opanda magolovesi, timawayato timalowa m'khungu.

Pali njira zingapo. Yotchipa ndi kudula mbali yowonongekayo n'kumanganso mbedza bwinobwino, koma vuto lidzabweranso. Yabwino ndi kuchotsa chingwe chachitali chija nyengo yonse yachisanu n'kuikapo lamba wamfupi wokwezera pulawo (osati woyendetsa ATV uja), kapena chingwe chachifupi cha ulusi wolimba, chimene chimapirira kupindika. Ngati mukuika cha ulusi pa fairlead imene inali ndi chingwe chawaya, yendetsani chala pa timagudumu take. Waya amasiya mikwingwirima yakuthwa imene imacheka ulusi msanga, ndiye mukaimva sinthani fairlead. Zilipo zina zokhala ndi gudumu lapansi lalikulu, zopangidwira pulawo, ndipo zimathandiza chifukwa chingwe sichipindika kwambiri.

Koma chimene chimadula zingwe kwambiri ndi chala cha woyendetsa. Khasu likafika pamwamba n'kugunda chitsulo, winchi siidziwa kuti yafika. Imapitiriza kukoka ndi mphamvu yake yonse, yomwe pa ATV zambiri ndi mapaundi 2,500 kapena 3,500, ndipo chinachake chiyenera kugonja: chingwe, mbedza, kapena chitsulo chogwira pulawo. Phunzirani kumva phokoso la winchi likasintha n'kusiya batani khasu lisanafike kumapeto. Simufunikira kulikweza lonse, masentimita ochepa akukwana pobwerera m'mbuyo. Potsitsanso, khasu likangokhudza pansi onjezerani pang'ono chabe kuti lizitha kutsata zigwa za msewu. Mukamasula kwambiri, chingwe chimalendewera, chimasokonezeka pa diramu, ndipo pokweza chimadzikola chokha.

Za batire. Winchi imadya magetsi ambiri, ndipo chimene chimatchaja batire pa ATV n'chaching'ono, makamaka injini ikamayenda pang'onopang'ono, monga mmene imayendera pokankha sinowo. Onjezanipo magetsi akutsogolo, zotenthetsa manja pa chiwongolero, ndi kuzizira kumene kumafooketsa batire lililonse. Zotsatira zake mukuzidziwa: winchi imayamba kukweza mwaulesi, magetsi amazimirira mukadina batani, ndipo mukazimitsa injini kuti mulankhule ndi mnansi, siilirenso. Tengani mita yoyezera magetsi. Batire labwino lodzaza, injini ili chozima, limaonetsa mavoti 12.6 kapena kuposa pang'ono. Injini ikulira ndipo mwapanikiza mafuta pang'ono liyenera kuonetsa cha m'ma 13.5 mpaka 14.5. Ngati nambala yachiwiriyi siikukwera, vuto lili kotchaja, ndipo kugula batire latsopano n'kutaya ndalama. Ngati ikukwera bwino koma batire likumafabe, ndiye kuti mukutapa kuposa zimene zikulowa, kapena batirelo lakalamba. Chepetsani kukweza khasu popanda chifukwa, zimitsani zotenthetsa manja zikakhala zosafunika, ndipo mukamaliza ntchito lumikizani ATV ku katchaja kaja kosiya usiku wonse, kamene kamadzizimitsa kokha batire likadzaza. Batire lotheratu likasiyidwa pozizira kwambiri limatha kuundana n'kung'ambika, ndipo loundana musalitchaje kapena kulijampa lisanasungunuke.

Winchi ikangoti "kete" osazungulira, yambani ndi zophweka: mitu ya batire yomasuka kapena ya dzimbiri loyera, ndi mawaya a pa kabokosi kolumikiza winchi ku batire. Ikamatsitsa koma osakweza, kapena kukweza osatsitsa, kawirikawiri ndi kabokosiko kapena batani lalowa madzi n'kuundana. Ilowetseni ATV pofunda kwa maola angapo muone ngati ichira, musanagule china chilichonse.

Timiyala pakapinga, ndi khasu lomangogwada

Amene munagwirako pulawo ya ng'ombe kumudzi mukukumbukira kagudumu kakutsogolo kamene kamalamula kuti khasu lilowe pansi mozama bwanji. Pa pulawo ya sinowo ntchito imeneyo imagwiridwa ndi timapazi tiwiri tachitsulo kuseri kwa khasu, totchedwa skid shoes. Pa tala kapena konkire mumatikweza kuti mpeni wa khasu ukhudze pansi. Pa msewu wa timiyala mumatitsitsa kuti mpeniwo ukhale m'mwamba sentimita imodzi kapena awiri. Kuchuna kwake n'kosavuta: imikani ATV pamalo osalala, ikani kathabwa kopyapyala pansi pa mpeni mbali zonse ziwiri, tsitsani timapazito mpaka tikhudze pansi, mangani, chotsani kathabwako.

Vuto limakula kumayambiriro kwa nyengo, mu November, nthaka isanaume ndi chisanu, komanso mu March ikayamba kufewa. Nthawi imeneyo timapazi timangomira m'timiyala n'kumalima mizere. Sinowo woyamba, ngati ndi wochepa, musamupale mpaka pansi. Musiyeni wapansi atsenderedwe n'kuuma kuti akhale ngati denga la timiyalato, ndipo nyengo yonse khasu lizidutsa pamwamba pake. Izi zikusiyana ndi msewu wa tala, pamene kutsendera sinowo n'kudzipalira ayezi. Ena amang'amba paipi m'litali n'kuiveka pa mpeni kuti usakumbe, ndipo zimathandiza. Mukanyalanyaza, mu April mudzakhala mukutola timiyala pakapinga ndi leki, ndipo totsalira tidzaulutsidwa ndi makina otchetchera udzu.

Khasu lili ndi masipuling'i amene amalilola kugwadira kutsogolo likagunda chinthu cholimba, kenako n'kubwerera. Ameneyo ndi mtetezi wanu ndi wa makina. Likamagwada pa sinowo wamba, masipuling'i afooka kapena amasuka, ndipo pa mapulawo ambiri mumawathina ndi nati za pa mabawuti ake, mofanana mbali zonse ziwiri. Mapulawo ena alinso ndi pochunira mmene khasu lapendamira kutsogolo, ndipo likapendama kwambiri limagwada msanga. Chonde musawathine mpaka khasu lileke kugwada, ndipo musaganize n'komwe zolowotcherera. Yang'ananinso mpeni wapansi. Ndi chitsulo chapadera chomangidwa ndi mabawuti, ndipo ambiri amatembenuzika akadyeka mbali imodzi. Mukachedwa kuutembenuza, khasu lenilenilo ndilo limayamba kudyeka.

Ngati matayala anu akuponda sinowo amene khasu silinachotse, khasulo ndi lalifupi. Likapendekeka mulifupi mwake mumachepa: la mainchesi 60 lopendekeka kwambiri limatsegula njira ya mainchesi 52 mpaka 54, yomwe ndi yokwanira ATV zambiri zazikulu, pamene la mainchesi 48 lopendekeka limatha kusiya matayala kunja.

Siikulira m'mawa

Pa -25 oyilo wokhuthala amalimba moti sitata imavutika kuzunguza injini. Ikani oyilo amene kabuku ka ATV yanu kakunena pa nyengo yozizira, ambiri amalola 0W-40. Petulo wotsala m'thanki kuyambira chilimwe amawonongeka, makamaka wosakaniza ndi ethanol amene amakoka chinyezi, ndiye thirani watsopano pamodzi ndi mankhwala osungira petulo, ndipo thanki izikhala yodzaza. Musazunguze sitata nthawi yaitali osapumira. Musananyamuke, dinani chopanikizira mafuta ndi mabuleki muone ngati zikubwerera zokha, chifukwa madzi a dzulo amatha kuundana m'kati mwa kebulo, ndipo chopanikizira mafuta chikakanirira chili chodinika ndi ngozi yeniyeni.

Ili ndi chenjezo limene sindifuna kuti mulidumphe. Musatenthetse injini m'galaja yotseka. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umapha. Ngati galaja ndi yolumikizana ndi nyumba, mpweyawo umalowa mpaka kuzipinda kumene ana akugona. Tsegulani chitseko chonse musanalize, ndipo ikangolira itulutseni panja ikatenthere kumeneko. Imikani ATV chafutambuyo madzulo, khasu litaloza kuchitseko, kuti m'mawa muzituluka mukukankha. Tsitsirani khasu pa thabwa kuti lisamatirire pansi ndi ayezi.

Zing'onozing'ono ziwiri. Injini ikamatentha mopitirira kunja kukuzizira, musadabwe: sinowo wouluka pamwamba pa khasu amamata pa ladiyeta n'kutseka mphepo. Zimitsani, chotsani ndi burashi yofewa, ndipo ikani labala wotchinga pamwamba pa khasu, amenenso amateteza nkhope yanu. Sinowo wonyowa akamamatirira pa khasu, palani dzimbiri, pakani penti, kenako polishi wa galimoto kapena sipuleyi ya silicone khasu lili louma.

Kokankhira kwatha, ndipo a khonsolo akutsekerani pakhomo

Vuto la February limabadwa mu November. Munthu amakankha sinowo woyamba n'kumusiya m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Mulu umenewo umauma gwa, ndipo ATV singausunthenso kapena kuponya sinowo pamwamba pake, chifukwa khasu lake silikwera kwambiri. Sinowo wachiwiri amaima kutsogolo kwa woyamba, wachitatu kutsogolo kwa wachiwiri, ndipo msewu umene munkadutsana magalimoto awiri umatsala wongokwana imodzi, magalasi akukhula m'mbali. Choncho sinowo woyamba mukankhireni kutali kwambiri, kutali koti mnansi akufunseni ngati mukutsegula bwalo la mpira, mamita awiri kapena atatu kupitirira m'mphepete ngati malo alola. Nthaka ikakhala isanaume kwezani khasu pang'ono mukafika pakapinga kuti musasende udzu.

Sinowo asanayambe, nthaka ikadali yofewa, zikani timitengo tonyezimira tija m'mbali mwa msewu ndi pa chilichonse chimene chidzabisike: ngalande, mutu wa chitsime, zivundikiro za thanki ya zonyansa, miyala ya m'maluwa. Ngalande yodzaza sinowo imaoneka ngati nthaka yosalala, ndipo ATV ikalowetsamo matayala awiri a mbali imodzi imatha kugubuduka.

Sankhaninso mbali younjikira. Onani kumene mphepo imachokera kawirikawiri n'kuunjika mbali imene ikupita, chifukwa mulu wa mbali imene mphepo ikuchokera umachititsa kuti sinowo wouluka azigwera m'msewu mwanu momwe, ndipo mumadzuka mwatsekeredwa kusanagwe kalikonse. Ganiziraninso kumene madzi adzalowere. Mulu wokhala kumtunda kwa msewu umasungunuka masana, madzi amadutsa pamsewu, usiku amaundana. A ku Calgary ndi kum'mwera kwa Alberta amazidziwa bwino zimenezi chifukwa cha mphepo yofunda ya chinook, imene imasungunula sinowo pakati pa January kenako kuzizira n'kubwereranso. Ayezi akagwira, pulawo ilibe naye ntchito. Thirani mchenga. Mchere wamba wa pamsewu umafooka kukazizira kupitirira cha m'ma -10, pamene calcium chloride amagwirabe ntchito pozizira kwambiri, koma zonsezi zimawononga konkire watsopano ndi zomera, ndiponso zimadyetsa dzimbiri ATV yanu. Musaunjike sinowo pa mita ya gasi, pa mpope wa ozimitsa moto, kapena pa mapaipi otulutsa utsi wa chotenthetsera nyumba amene amatulukira m'munsi mwa khoma. Amenewa akatsekeka, chotenthetsera chimazima kapena utsi umabwerera m'nyumba.

Kutsogolo kwa chitseko cha galaja pulawo imasiya kamzere chifukwa simungakankhire kukhoma. Kukokera chambuyo khasu lili pansi kumathandiza pang'ono pa sinowo wouma, koma pa wolemera limangokwera pamwamba. Pamenepo tengani fosholo, muponye sinowoyo mita imodzi kapena awiri kuchoka pachitseko, ATV idzamalize.

Ndiye pali khoma lija limene galimoto ya khonsolo imasiya pakamwa pa msewu wanu ikamadutsa. Limakwiyitsa, koma woyendetsayo alibe kochitira, khasu lake limatayira kumbali basi. Sinowo ameneyo ndi wolemera, wosakanikirana ndi mchere ndi zibuma za ayezi, ndipo mukamusiya usiku umodzi amalimba ngati konkire. Muchotseni akadali wofewa, mwapang'onopang'ono, mukumudya kuchokera m'mbali osati kumugunda pakati. Mukaima pakhomo panu kuyang'ana kumsewu, unjikani kudzanja lamanja, chifukwa ku Canada ndi ku United States magalimoto amayenda kumanja, ndiye pulawo ya khonsolo ya mbali yanu imachokera kumanzere kwanu. Mulu wa kumanzere idzaukokolola n'kukubwezerani pakhomo. Mukatsegulanso kamalo m'mphepete mwa msewu cha kumanzereko, khasu lawo limakhuthulira pamenepo lisanafike pa inu, ndipo khomalo limachepa.

Musakankhire sinowo m'msewu wa boma kapena kuwoloka naye tsidya lina. Timizere timene khasu limasiya timauma n'kuchititsa ngozi, ndipo malo ambiri n'kuphwanya lamulo. Ku Ontario, gawo 181 la Highway Traffic Act limaletsa kutaya sinowo kapena ayezi pamsewu popanda chilolezo cholembedwa. Malamulo oyendetsa ATV pamsewu weniweniwo amasiyana khonsolo ndi khonsolo, choncho funsani ku ofesi ya kwanuko musanaganize zokathandiza mnansi wa patsidya. Pogwira ntchito kukamwa kwa msewu yatsani magetsi ngakhale masana, valani chovala chonyezimira, ndipo imani kaye n'kuyang'ana mbali zonse musanabwerere chambuyo, chifukwa milu ikatalika woyendetsa galimoto sakuonani mpaka atafika pafupi, ndipo pa ayezi sangaime msanga.